Tsiku la maola 10 ndi sabata ya masiku 10: mafunso ndi mayankho

Kwacha imodzi ndi matambala 100, kilogalamu imodzi ndi magalamu 1,000. Koma ola limodzi ndi mphindi 60, tsiku ndi maola 24, sabata ndi masiku 7, ndipo miyezi ina ndi ya masiku 30, ina 31, Febuluwale 28 kapena 29. Aliyense amene anatulukapo thukuta ndi masamu a nthawi kusukulu anadzifunsapo kuti bwanji nthawi siyendera makumi ngati zinazi. Funsoli si lachibwana. Akatswiri a masamu analifunsa kale, ndipo dziko lina linafika polemba yankho lake m'malamulo.

Kodi pali dziko limene linayesadi kuwerengera nthawi m'makumi?

Lilipo, ndi France. Anthu atagwetsa ufumu wa Louis XVI, nyumba ya malamulo yotchedwa Convention nationale inavomereza kalendala yatsopano pa 5 Okutobala 1793, ndipo pa 24 Novembala chaka chomwecho inatulutsa lamulo lathunthu la kalendalayo pamodzi ndi wotchi ya maola 10. Amene ankatsogolera ntchitoyi anali phungu wodziwa masamu, Gilbert Romme, ndipo akatswiri monga Joseph-Louis Lagrange ndi Gaspard Monge anaikapo nzeru zawo.

Ngakhale zaka anayamba kuziwerenga mwatsopano. Anagwirizana kuti chaka choyamba chinayamba pa 22 Seputembala 1792, tsiku loyamba la Ripabuliki, boma latsopano lopanda mfumu, lomwe linalinso tsiku limene usana ndi usiku zimalingana kutalika. Choncho mmene lamulo linkatuluka n'kuti dziko lili kale m'chaka chachiwiri.

Wotchi ya maola 10 inkawerengedwa bwanji?

Tsiku lonse, kuyambira pakati pa usiku mpaka pakati pa usiku wotsatira, analigawa m'maola 10. Ola lililonse linali ndi mphindi 100, mphindi iliyonse masekondi 100. Pa tsiku zinkakwana masekondi 100,000, pamene wotchi imene tili nayoyi ili ndi 86,400. Ola lawo limodzi linali lalitali ndithu, maola athu awiri ndi mphindi 24. Mphindi yawo inali masekondi athu 86.4, koma sekondi yawo inali yofupikirapo pang'ono poyerekeza ndi yathu.

Dzuwa likafika paliwombo, wotchi inkaloza 5 koloko. Nthawi imene ife timati 6 koloko m'mawa inali 2:50. Wolowa ntchito 7:30 m'mawa akanalowa 3:12 ndi masekondi 50, n'kuweruka cha m'ma 7:08, imene ndi 5 koloko madzulo.

Ubwino wake umaonekera pa masamu. Muuzeni mwana achotse 1:47 pa 3:12. Pa wotchi yathu ayenera kukumbukira kuti ola akalibwereka limasanduka 60 osati 100, ndipo apa ndi pamene ana ambiri amaphonyera. Pa wotchi ya makumi amangochotsa 147 pa 312, n'kupeza 165, kutanthauza ola limodzi ndi mphindi 65. Palibe chobwereka chachilendo.

Ena mwa mawotchi a nthawi imeneyo alipobe m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, monga Musée Carnavalet ku Paris. Mukawayang'anitsitsa, ambiri ali ndi mizere iwiri ya manambala pankhope imodzi, wina wochokera pa 1 mpaka 10, wina wa maola akale, ndipo mivi yake ndi yambiri kuposa ya wotchi wamba. Mmisiri wa wotchiyo ankadziwa kuti wogula sangayende ndi maola atsopano okha.

Ankafuna chiyani kwenikweni posintha zonsezi?

Zolinga zinali ziwiri, ndipo n'kofunika kuzisiyanitsa.

Choyamba chinali kuthetsa chisokonezo cha miyeso. Ku France ya mafumu, muyeso wa tirigu, wa nsalu kapena wa munda unkasiyana chigawo ndi chigawo, nthawi zina tauni ndi tauni, ngakhale dzina la muyesowo likhale limodzi. Amene ankapindula ndi chisokonezochi anali mwini malo ndi wamalonda wochenjera, ndipo wosauka ankaberedwa masanasana. Anthu amene anabweretsa mita ndi kilogalamu ndi omwewo anaganiza kuti nthawi nayonso ilowe m'makumi. Cholinga chimenechi ndimachilemekeza kwambiri, chifukwa muyeso umodzi wa anthu onse ndi chilungamo.

Chachiwiri chinali kuchotsa tchalitchi m'moyo wa tsiku ndi tsiku. Kalendala yakale inali ya Chikhristu paliponse: zaka zinkayambira pa kubadwa kwa Yesu, tsiku lililonse linali ndi woyera mtima wake, ndipo sabata inkazungulira pa Lamulungu. Atsogoleri atsopanowo ankaona tchalitchi cha Katolika ngati mnzake wa mfumu, choncho anafuna kalendala yopanda Lamulungu, yopanda Pasaka, yopanda Khirisimasi. Cholinga chachiwirichi ndi chimene chinawadanitsa ndi anthu akumudzi.

Nanga kalendala yake inali yotani?

Miyezi inakhalabe 12, koma uliwonse unali wa masiku 30 ndendende. Mwezi unkagawidwa patatu, masiku khumikhumi, ndipo gawo lililonse linkatchedwa décade. Masikuwo ankangotchulidwa ndi manambala, monga ife tili ndi Lachiwiri ndi Lachitatu: primidi, duodi, tridi, quartidi, quintidi, mpaka tsiku la 10, décadi, lomwe linali lopuma. Miyezi 12 ya masiku 30 imapereka 360, ndiye masiku 5 otsala, kapena 6 m'chaka chachitali, ankawaika kumapeto kwa chaka monga masiku a zikondwerero. Poyamba ankatchedwa sansculottides, polemekeza anthu wamba a mu Paris amene anamenyera nkhondo kugwetsa ufumu.

Mayina a miyezi anapeka ndi mlakatuli Fabre d'Églantine, ndipo ngakhale amene amadana ndi kalendalayi amavomereza kuti apa anagwira ntchito yokongola. Chaka chinkayamba kumapeto kwa Seputembala ndi Vendémiaire, mwezi wothyola mphesa, kenako Brumaire wa nkhungu ndi Frimaire wa chisanu. M'nyengo yozizira munali Nivôse wa chipale, Pluviôse wa mvula ndi Ventôse wa mphepo. Kenako Germinal wa kumera kwa mbewu, Floréal wa maluwa, Prairial wa msipu, ndipo chaka chinkatha ndi Messidor wokolola, Thermidor wa kutentha ndi Fructidor wa zipatso. Miyezi itatu ya nyengo imodzi inali ndi mathero ofanana, moti munthu akangomva dzina ankadziwa nyengo yake.

M'malo mwa oyera mtima, tsiku lililonse linapatsidwa chinthu cha kumunda. Masiku ambiri anali a mbewu, mitengo ndi maluwa, quintidi iliyonse inali ya nyama, décadi iliyonse ya chipangizo cha mlimi monga pulawo. Tsiku loyamba la chaka linali la mphesa.

Koma mayina okongolawa anali a nyengo ya kumpoto kwa France basi. Nivôse, mwezi wa chipale, unkayamba kumapeto kwa Disembala, nthawi imene kuno kumwera kwa Africa mvula ili pakati ndipo anthu ali kalikiliki kupalira. Pa zilumba za Réunion ndi Mauritius, zimene panthawiyo zinali m'manja mwa France, mwezi wa chipale unkafika kukutentha. Kalendala imene eni ake ankati ndi ya anthu onse inali yomangidwa pa munda wa dziko limodzi.

Ngati ankakonda makumi, bwanji sanapange miyezi 10 ya masiku 100?

Chifukwa dzuwa ndi mwezi siziyendera makumi. Dziko limatenga masiku pafupifupi 365.2422 kuti lizungulire dzuwa, ndipo mwezi umatenga masiku pafupifupi 29.53 kuchokera pooneka mpaka kudzaonekanso. Tsiku mungaligawe mmene mukufunira, pa 10, pa 24 kapena pa 100, chifukwa magawowo ndi opanga anthu. Koma kuchuluka kwa masiku m'chaka sanakuike ndi munthu. Chaka cha masiku 1,000 chikhoza kulembedwa papepala, koma mvula ingamagwe mwezi wina chaka chino, mwezi winanso chaka chamawa, ndipo kalendala yotere mlimi alibe nayo ntchito.

Ngakhale masiku owonjezera anawavuta. Lamulo linati chaka chiziyamba tsiku limene akatswiri a zakuthambo a ku Paris apeza kuti usana ndi usiku zalingana. Motero zaka za masiku 366 zinakhala chachitatu, cha 7 ndi cha 11. Vuto linali lakuti mphindi yeniyeni ya kulinganako ikagwa pafupi kwambiri ndi pakati pa usiku, kunali kovuta kuneneratu tsiku limene chaka cham'tsogolo chidzayambe. Romme analiona vutoli ndipo mu 1795 anakonza njira yokhazikika, koma anamwalira isanavomerezedwe.

Miyezi ya masiku 30 payokha si imene inali vuto. Aigupto akale anali ndi miyezi 12 ya masiku 30 ndi masiku 5 apadera, ndipo ku Ethiopia mpaka lero amayendera kalendala yotere, yokhala ndi kamwezi ka 13 kotchedwa Pagume ka masiku 5 kapena 6. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Ethiopia sabata ya masiku 7 sanaikhudze.

Kodi 24 ndi 60 zinachokera kuti? Zili ndi ubwino uliwonse?

Kugawa usana pa 12 ndi usiku pa 12 kunachokera ku Igupto wakale, ndipo kuwerengera m'ma 60 kunachokera ku Babulo. Ubwino ulipo, waukulu. Nambala 10 imagawika bwino ndi 2 ndi 5 basi, pamene 60 imagawika ndi 2, 3, 4, 5, 6, 10, 12, 15, 20 ndi 30. Fakitale kapena chipatala chogwira usana ndi usiku chimagawa tsiku patatu, maola 8 gulu lililonse. Pa wotchi ya makumi gulu lililonse lingagwire maola 3.333, nambala yosatha. Mpira wa mphindi 90 ungakhale wa mphindi 62.5, chigawo chilichonse 31.25. Makumi ndi abwino polemba ndi powonkhetsa, koma pogawana 12 ndi 60 zimaposa.

Wotchi ya makumiyo inakhala nthawi yaitali bwanji?

Sinakhalitse. Inayamba kukhala yokakamiza pa zolemba za boma pa 22 Seputembala 1794, ndipo lamulolo linaimitsidwa pa 7 Epulo 1795, miyezi 7 isanakwane. Lamulo limene linaiimitsa ndi lomwelo limene linakhazikitsa mita, lita ndi galamu.

Mawotchi a nthawiyo anali opangidwa pamanja ndiponso okwera mtengo, ndipo kuwasintha kunkafuna kusula magiya ena. Amalinyero ndi akatswiri a zakuthambo anali ndi mabuku a manambala owerengedwa kale m'maola akale. Mayiko oyandikana nawo sanasinthe. Ndipo munthu wamba, amene ankadziwa nthawi poyang'ana dzuwa ndi pomva belu, sanaone vuto lililonse limene wotchi yatsopanoyo ikumuthetsera. Akatswiri ena, monga Pierre-Simon Laplace, anapitiriza kuigwiritsa ntchito m'masamu awo a zakuthambo, kumene inkathandizadi.

Anthu wamba anailandira bwanji sabata ya masiku 10?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Wantchito amene ankapuma pakatha masiku 6 anauzidwa kuti azidikira masiku 9. Masiku a Lamulungu amakwana 52 pa chaka, koma ma décadi anali 36. Ena ankapatsidwa theka la tsiku pa quintidi, komabe theka la tsiku silikwanira kupita kumudzi kukaona mayi wodwala n'kubwerako. Amene analemba lamulolo ankagwira ntchito ya cholembera. Thupi limene linamva kutalika kwa décade linali la wosenza katundu, wosula zitsulo ndi mayi wochapa zovala za eni.

Komanso Lamulungu silinali tsiku lopuma chabe. Linali tsiku la Misa, lovala zovala zabwino, lokumana ndi abale, lomva nkhani za m'mudzi, loti anyamata ndi atsikana aonane. Misika nayo inali ndi masiku ake a m'sabata amene anthu anawazolowera kuyambira makolo awo. Tsiku lopuma limakoma chifukwa anzako nawonso akupuma tsiku lomwelo, ndipo zimenezi boma silingazisamutse ndi chikalata.

M'midzi yambiri anthu anapitiriza kusunga Lamulungu. Boma litaona choncho linaumitsa dzanja. Mu 1798 linalamula kuti misika iziyendera kalendala yatsopano, mpaka kunena kuti masiku ogulitsa nsomba asagwirizanenso ndi masiku amene Akatolika sadya nyama. Chaka chomwecho linalamula kuti maukwati azimangidwa pa décadi pokha, ndiponso kuti masitolo ndi masukulu azitseka tsiku limenelo. Ine ndimaona kuti pofika apa ntchitoyi inali itasiya kale cholinga chake chabwino. Kusintha kumene kunayamba ndi mawu omasula anthu kunafika poyang'anira tsiku limene mayi agule nsomba.

Ndiye inatha liti?

Napoleon Bonaparte atagwirizana ndi Papa Pius VII mu 1801, Lamulungu linabwezeretsedwa monga tsiku lopuma mu Epulo 1802. Kalendala yotsalayo inapitirira m'maofesi mpaka pa 31 Disembala 1805, ndipo pa 1 Januwale 1806 France inabwerera ku kalendala imene tikugwiritsa ntchito leroyi. Inadzaonekeranso masiku 18 okha mu Meyi 1871, pa nthawi ya Commune ya ku Paris, boma la anthu oukira limene linalamulira mzindawo kwa kanthawi kochepa.

Eni ake awiri sanaone mathero amenewa. Fabre d'Églantine anadulidwa mutu pa 5 Epulo 1794 pamodzi ndi Georges Danton, mmodzi mwa atsogoleri a boma latsopanolo, ndipo Romme anadzibaya mu Juni 1795 ataweruzidwa kuti aphedwe. Mayina a miyezi ndiwo anatsala m'mabuku a mbiri: kugwa kwa Robespierre, mtsogoleri wina wamphamvu wa nthawiyo, pa 27 Julayi 1794 kumatchedwabe 9 Thermidor, ndipo kulanda boma kwa Napoleon pa 9 Novembala 1799 kumatchedwa 18 Brumaire.

Mita ndi kilogalamu zinafala dziko lonse, ndalama nazo zinalowa m'makumi. Nthawi inakanika bwanji?

Chifukwa miyeso ndi ndalama zinali ndi bala loonekera, pamene nthawi inalibe. Akuluakulu athu akukumbukira ndalama za paundi, sheleni ndi peni: mapeni 12 kupanga sheleni, masheleni 20 kupanga paundi, mapeni 240 m'paundi imodzi. Kuwonkhetsa ngongole ya m'sitolo kunkafuna mutu wozizira. Zambia inasamukira ku kwacha ndi ngwee mu 1968, Malawi ku kwacha ndi tambala mu 1971, ndipo Britain nayo inalowa m'makumi pa 15 Febuluwale 1971. Anthu anadandaula masiku oyamba, koma phindu analiona m'thumba mwawo. Ngakhale mita yeniyeniyo inatenga nthawi: ku France inakhala yokakamiza kotheratu kuyambira 1840.

Ola linali losiyana. Munthu wa ku Paris, wa ku London ndi wa ku Lisbon onse ankadziwa kale kuti tsiku ndi maola 24. Mita inachotsa miyeso yambirimbiri n'kuikapo umodzi, pamene wotchi ya makumi inapeza muyeso umodzi n'kuwonjezerapo wachiwiri.

Kodi ndi Afalansa okha amene anayesa?

Ayi. Ku China, kwa zaka mazana ambiri, tsiku linkagawidwa m'magawo 100 otchedwa ke, lililonse mphindi 14.4, pambali pa maola awo 12 aataliatali. Mu 1645, pamene kalendala inakonzedwanso mothandizidwa ndi ansembe a chipani cha Jesuit, magawowo anakhala 96 kuti lililonse likwane mphindi 15.

Ku France komweko, mu 1897 boma linakhazikitsa komiti ina, mlembi wake katswiri wa masamu Henri Poincaré. Iwo anaganiza zosiya maola 24 koma kugawa ola pa 100. Mayiko ena sanasonyeze chidwi, ndipo pofika 1900 nkhaniyo inasiyidwa. Mu 1998 kampani ya mawotchi ya Swatch inayambitsa nthawi ya pa intaneti yogawa tsiku m'magawo 1,000, lililonse masekondi 86.4, chimodzimodzi mphindi ya Afalansa ija, koma sinapite patali.

Soviet Union inalimbana ndi sabata. Mu 1929 inabweretsa sabata ya masiku 5, antchito n'kugawidwa m'magulu opuma masiku osiyana kuti makina asaime. Mwamuna ankapuma lero, mkazi wake mawa, ndipo mabanja ankasowa tsiku lokhalira pamodzi. Mu 1931 anasintha kukhala masiku 6, ndipo mu 1940 anabwerera ku masiku 7.

Ndiye kuti kalendala yathuyi ilibe vuto?

Ili nalo. Wa lendi amalipira chimodzimodzi pa Febuluwale wa masiku 28 ndi pa Malichi wa masiku 31. Magawo anayi a chaka ndi a masiku 90, 91, 92 ndi 92, zomwe zimavutitsa owerengera ndalama poyerekeza gawo ndi linzake. Deti lomwelo limagwa tsiku lina chaka chilichonse.

Njira zokonzera zinaperekedwa. Moses Cotsworth wa ku England anakonza kalendala ya miyezi 13 ya masiku 28, ndipo kampani ya Kodak inaigwiritsa ntchito m'maofesi ake kuyambira 1928 mpaka 1989. Elisabeth Achelis wa ku New York anamenyera ina yotchedwa World Calendar kuyambira 1930, ndipo inafika mpaka ku United Nations, koma mu 1955 boma la United States linaikana. Zonse ziwiri zinali ndi tsiku limodzi pa chaka losakhala m'sabata iliyonse. Ayuda, Akhristu, makamaka osunga Sabata, ndi Asilamu anaona kuti tsiku lotere lingasokoneze kuwerenga kwa masiku 7 kumene kupembedza kwawo kumadalira. Ngakhale pamene Britain inadumpha masiku 11 mu 1752, kuchoka pa 2 Seputembala kufika pa 14, Lachitatu linatsatidwa ndi Lachinayi monga mwa nthawi zonse.

Kodi pali pamene nthawi ya makumi ikugwira ntchito lero?

Pambiri, kungoti mwakachetechete. Chilichonse chochepera sekondi chimawerengedwa m'makumi, n'chifukwa chake liwiro la Usain Bolt la mamita 100 mu 2009 limalembedwa masekondi 9.58. Akatswiri a zakuthambo amalemba nthawi ngati gawo la tsiku. Mu pulogalamu ya pakompyuta ya Excel, 12 koloko masana imasungidwa ngati 0.5 ndipo 6 koloko madzulo ngati 0.75.

Okonza malipiro nawo amawerengera maola m'makumi, ndipo apa pafunika kusamala. Munthu akagwira ntchito kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 3:45 masana, wagwira maola 7 ndi mphindi 45. Pochulukitsa ndi malipiro a pa ola, nambala yoyenera ndi 7.75. Kalaliki akalemba 7.45, wantchitoyo wadyeredwa mphindi 18 tsiku limenelo, ndipo zikachitika mwezi wonse ndi ndalama yooneka. Ngati mumalipidwa pa ola, yang'anani pepala lanu la malipiro: mphindi 15 ndi 0.25, mphindi 30 ndi 0.5, mphindi 45 ndi 0.75.

Dziko litagwirizana lero, zingatheke kusintha?

Wotchi ingavute kuposa mu 1793. Kuyambira 1967 sekondi imayezedwa ndi kunjenjemera kwa atomu ya caesium, ka 9,192,631,770 pa sekondi imodzi, ndipo kuyambira 1983 mita imayezedwa ndi mtunda umene kuwala kumayenda m'kagawo ka sekondi. Mukafupikitsa sekondi kuti tsiku likhale ndi 100,000, mwakhudza liwiro la galimoto, mawati a magetsi, mafunde a wailesi ndi a foni, GPS, ndiponso makompyuta ambiri amene amawerenga masekondi kuyambira pa 1 Januwale 1970. Zonsezi zingafune kuwerengedwanso.

Kalendala ndiyo ili ndi mpata, bola sabata isakhudzidwe. Aphunzitsi awiri a pa yunivesite ya Johns Hopkins, Steve Hanke ndi Richard Conn Henry, anakonza chaka cha masiku 364, omwe ndi masabata 52 ndendende, kuti deti lililonse lizigwa tsiku lomwelo chaka ndi chaka. Masiku otsalira amawasonkhanitsa n'kuwonjezera sabata yathunthu pakatha zaka 5 kapena 6, moti Lachisanu, Loweruka ndi Lamulungu zimabwerabe pakatha masiku 7. Mwa njira zonse zimene zaperekedwa, iyi ndi imene ndikuona kuti inamva madandaulo a anthu opembedza ndi a antchito. Mpaka pano palibe boma limene laitenga.